Ma quasar awiri akundipatsa mitunda iwiri ya maser imodzi

Wophunzira wa chaka chachiwiri

Akuluakulu ndi anzanga nonse a m'gulu lino, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa milungu itatu, ndipo amene amayang'anira kafukufuku wanga ali paulendo moti sitikumana msanga. Ndikuyeza parallax (kusuntha kooneka kwa chinthu kumwamba pamene dziko likuzungulira Dzuwa, kumene timapezera mtunda wake) ya maser (mpweya wa kuthambo wotulutsa mafunde a wailesi owala kwambiri) ya methanol ya 6.7 GHz imene ili m'dera lobadwira nyenyezi yaikulu cha m'kati mwa Mlalang'amba, pa RA ya maola pafupifupi 18 ndi declination ya madigiri pafupifupi 20 kummwera (RA ndi malo a chinthu kumwamba mbali ya kummawa ndi kumadzulo, declination mbali ya kumpoto ndi kummwera). Dzina la gwerolo sinditchula chifukwa zotsatira sizinasindikizidwe. Deta ndi ya VLBA, gulu la ma telesikopu a wailesi otalikirana amene amapima pamodzi, ndipo tinapima masiku 6 m'chaka chimodzi ndi theka: tsiku limodzi mu Marichi, awiri mu Seputembala, awiri mu Marichi wotsatira, ndi limodzi mu Seputembala wotsatira. Popeza maser ndi yowala kwambiri, ndimakonzera phase (gawo limene funde lafika polandiridwa) pa tchanelo imodzi, kagawo kamodzi ka frequency, ya maser yomweyo, kenako zokonzazo ndimazitengera ku ma quasar awiri a kumbuyo kwake, magwero owala akutali kwambiri amene timayerekezera nawo malo a maser. Quasar A ili pa digiri 1.1 kummawa, pamene B ili pa madigiri 1.4 kumadzulo. Ilipo yachitatu, C, cha kumpoto, koma ndi yofooka ndipo ndinaisiya koyambirira komwe.

Ndikayeza ndi A ndikupeza parallax ya 0.47 mas (mas ndi muyeso wa ngodya, gawo limodzi mwa 1,000 la arcsecond), ndikayeza ndi B ndikupeza 0.32 mas, kutanthauza mtunda wa 2.1 kpc kapena 3.1 kpc wa chinthu chimodzimodzi (kpc imodzi ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'zaka pafupifupi 3,260). Chachiwiri n'chakuti tsiku lachitatu lathawa mzere ndi 0.7 mas mu RA, chonsecho linapimidwa patangopita milungu iwiri kuchokera pa lachiwiri, nthawi yochepa kwambiri yoti maser ingasunthe motero. Ndikuganiza zongolichotsa tsikulo, koma ndikuopa kuti ndikhala ndikuchotsa chifukwa chakuti silikundisangalatsa.

Wa mapulogalamu

Achemwali, tsikulo musalichotse kaye. Ndikupempha kuti mutiuze chinthu chimodzi musanachite china chilichonse: pa tsiku lachitatulo, kodi kuthawa kwa 0.7 mas kukuoneka mbali imodzimodzi mukayerekeza ndi A ndiponso mukayerekeza ndi B, kapena kukuoneka mbali zosiyana? Ngati n'kofanana ku ma quasar onse awiri, ndiye kuti chimene chasuntha ndi malo amene mukuwatcha maser, ndipo mlengalenga alibe mlandu. Ngati kukusemphana, tiyamba kukayikira za mumlengalenga.

Muonenso kuti CVEL, pulogalamu yokonza kusuntha kwa frequency kobwera ndi liwiro la dziko, inayenda bwino pa masiku onse ndiponso kuti munalemba frequency ya methanol, 6668.519 MHz, ponseponse. Gwero lanu lili pafupi ndi ecliptic, njira imene Dzuwa limaoneka kudutsa kumwamba pa chaka, ndiye mu Marichi dziko limakhala likuthamangira komwe kuli gwerolo pa liwiro la pafupifupi 30 km/s, ndipo mu Seputembala limakhala likulithawa pa liwiro lomwelo. Pa 6.7 GHz zimenezi ndi pafupifupi 670 kHz mbali iliyonse, kotero kuphonya pang'ono pokha kumakusiyani pa tchanelo ina inu muli phee, mukuyesa kuti muli pa yomweyo.

Wophunzira wa chaka chachiwiri

Ndayang'ana, achimwene. Kuthawako n'kofanana ku A ndi ku B, mbali imodzi ndi kukula kumodzi. CVEL inayenda bwino, ndipo ndikaika ma spectrum (zithunzi za kuwala molingana ndi frequency) a masiku onse 6 pamodzi, nsonga zing'onozing'ono za m'mbali zikugwera pamalo amodzi.

Wopima ndi mbale imodzi

Ngati nsonga za m'mbali zikugwirizana, funso langa lili pa nsonga yaikulu. Kodi tchanelo yokonzera phase mumaisankha ndi dzanja, kapena script ndi imene imakusankhirani yowala koposa? Ndikufunsa chifukwa ife amene timatha zaka tikupima ma maser amenewa ndi mbale imodzi ya telesikopu sitikhulupirira kuti nsonga imene ikulamulira lero idzalamuliranso mawa. Anthu ambiri amanena kuti methanol ndi yokhazikika poyerekeza ndi maser ya madzi ya 22 GHz, ndipo n'zoona pa nkhani ya malo, pakuti timadontho ta methanol timakhalapo zaka zambiri pamene ta madzi timatha kuzimirira chaka chisanathe. Koma kuwala kwa methanol kumasintha. Maser ya mtundu uwu imapatsidwa mphamvu ndi kuwala kwa infrared kochokera ku fumbi lofunda lozungulira nyenyezi yongobadwa, ndiye fumbilo likafunda kapena likazizira, kadontho kalikonse kamayankha mwa njira yakeyake.

Chitsanzo chili pafupi ndi dera lanu lomwelo kumwamba. Goedhart, Gaylard ndi van der Walt, popima ndi mbale ya mamita 26 ya ku Hartebeesthoek ku South Africa, anapeza kuti G9.62+0.20E imawala n'kubwerera pakapita masiku pafupifupi 244, ndipo si nsonga zonse zimene zimakwera mofanana. Mu Januwale 2019, G358.93−0.03 inalipuka mwadzidzidzi, anzathu a ku Japan ndi amene anayamba kuiona, ndipo maonekedwe a spectrum yake ankasintha m'masiku owerengeka. Sindikunena kuti gwero lanu lachita zazikulu ngati zimenezo. Ndikungoti ngati muli ndi timadontho tiwiri toyandikana liwiro ndipo mphamvu zake n'zofanana pang'ono, milungu iwiri ndi yokwanira kuti kamng'ono kapose kamkulu.

Wophunzira wa chaka chachiwiri

Mwalasa pamtima penipeni, akulu. Script imene ndikugwiritsa ntchito ndinaitengera kwa wophunzira wina amene anamaliza kale, ndipo ine sindinaiwerenge mzere ndi mzere monga ndimayenera kuchitira. Muli mzere umene umafufuza tchanelo yowala koposa n'kuipereka ku FRING, pulogalamu yokonza phase. Pa masiku asanu inasankha tchanelo imodzimodzi, koma pa tsiku lachitatu inasankha ina yotalikirana ndi matchanelo awiri, kusiyana kwa pafupifupi 0.18 km/s. Nditajambula mapu a matchanelo amenewa payokhapayokha, ndaona kuti ndi timadontho tiwiri totalikirana pafupifupi 0.7 mas, tobisala m'kati mwa beam imodzi (kagawo kakang'ono koposa kamene telesikopu imatha kusiyanitsa), n'chifukwa chake pachithunzi chophatikiza timaoneka ngati kamodzi kotalika pang'ono.

Ndalemba tchaneloyo ndi dzanja n'kubwereza tsiku lachitatu, ndipo labwerera mumzere. Tsopano A ikupereka 0.36 mas ndipo B ikupereka 0.21 mas, ndiye kuti 2.8 kpc ndi 4.8 kpc. Kusiyana kwa pakati pa awiriwa sikunasinthe, kukadali 0.15 mas. Komabe ndaona chinthu chondilimbitsa mtima. Ndikawerengera mtunda kuchokera ku liwiro la maser, pogwiritsa ntchito 8.15 kpc ya mtunda wa Dzuwa kukafika pakati pa Mlalang'amba ndi 236 km/s ya kuzungulira kwake monga anapezera Reid ndi anzake mu 2019, mtunda wapafupi ukutuluka pafupifupi 4.5 kpc, umene ukugwirizana bwino ndi B. Chinanso, quasar A ili ndi kamchira ka jet (mpweya wothamanga wotuluka mu quasar) pachithunzi chake, pamene B ndi kadontho koyera. Kodi sikungakhale kwanzeru kuitaya A n'kutsala ndi B?

Mphunzitsi wa fizikisi

Mwana wanga, pa tsiku lachitatu mwachita bwino, chifukwa mwalibwezeretsa mutapeza chimene chinalakwika. Pa nkhani ya A mukufuna kuchita zosiyana ndi zimenezo, ndipo ine sindikuvomereza.

Tisaiwale chifukwa chimene timavutikira chaka ndi theka kuyeza parallax. Mtunda wowerengera ku liwiro umaganiza kuti mpweya wonse ukuzungulira pakati pa Mlalang'amba mumzere wozungulira bwino, pa liwiro lodziwika, ndipo madera obadwira nyenyezi zikuluzikulu samvera lamulo limeneli nthawi zonse. Kwa zaka zambiri W3(OH), dera lina lobadwira nyenyezi mu mkono wa Perseus wa Mlalang'amba, inkaikidwa kupitirira 4 kpc chifukwa cha liwiro lake. Mu 2006 Xu, Reid, Zheng ndi Menten anayeza parallax ya methanol yake ya 12.2 GHz ndi VLBA n'kupeza 0.512 mas, ndiye kuti 1.95 kpc, ndipo chaka chomwecho Hachisuka ndi anzake anapeza 2.04 kpc kuchokera ku ma maser a madzi a m'dera lomwelo. Mtunda wa liwiro unali wolakwika kuposa kawiri, chifukwa mpweya wa mu mkono umenewo uli ndi kayendedwe kake kapadera. Akanakhala kuti anasankha quasar imene ikugwirizana ndi 4 kpc, bwenzi tikuphunzitsabe bodza mpaka lero.

Dera lanu ndi loipitsitsa pa nkhani imeneyi. Pa longitude ya madigiri pafupifupi 10 mukuyang'ana molunjika ku chigawo chimene mtanda wa pakati pa Mlalang'amba umakankha mpweya kunja kwa mzere wozungulira. G9.62+0.20 yomwe atchula anzathuwa ili ndi liwiro laling'ono kwambiri moti kawerengedwe ka liwiro kankaiika mwina pakhomo pathu penipeni, mwina kutsidya kwa Mlalang'amba, koma Sanna ndi anzake mu 2009 anaipeza pa 5.2 kpc. Choncho kugwirizana kwa B ndi 4.5 kpc sikundiuza kanthu. Ndipo kumbukirani chimene chikudalira nambala imeneyi: mphamvu ya kuwala kwa nyenyezi imakula molingana ndi mtunda kuuchulukitsa ndi womwewo, ndiye pakati pa 2.8 ndi 4.8 kpc pali kusiyana kwa pafupifupi katatu. Kulemera kwa nyenyezi yanu, kukula kwa dera limene timadontho tamwazikana, ndiponso mkono umene mudzaiike, zonse zikhala pa chisankho chimene mukufuna kupanga lero.

Za jet ya A, zingatheke kuti ikusokoneza, koma jet sidziwa kalendala yathu. Kuti isinthe parallax, iyenera kukankhira malo a quasar mbali imodzi mu Marichi aliyense ndi mbali ina mu Seputembala aliyense. Jet imene ikutulutsa chigawo chatsopano imasokoneza kwambiri proper motion (kusuntha kwa gwero kopita mbali imodzi chaka ndi chaka) kapena kumwaza zotsalira za fit, mzere umene timayenerezera ku mfundo zoyezedwa. Chimene chimadziwa Marichi ndi Seputembala chili pamwamba pa mitu yathu, ndipo ndikusiyira amene amagwira za ionosphere, gawo la pamwamba la mlengalenga lodzaza ma electron, kuti afotokoze.

Wa za ionosphere

Zikomo aphunzitsi. Achemwali, poyamba ndikufuna muone nthawi ya tsiku imene deta yanu inatengedwa, osati mwezi wokha. Masiku opima anasankhidwa bwino, chifukwa gwero la pa RA ya maola 18 limasuntha kwambiri mu RA pamene Dzuwa lili pa madigiri 90 kuchokera pa ilo, kumene kuli kumapeto kwa Marichi ndi kumapeto kwa Seputembala. Koma zimenezi zili ndi mtengo wake. Mu Marichi Dzuwa lili pa RA ya 0, ndiye gwero lanu limafika pamwamba maola 6 Dzuwa lisanafike, kutanthauza m'bandakucha. Mu Seputembala Dzuwa lili pa RA ya maola 12, ndiye gwerolo limafika pamwamba chakumadzulo Dzuwa likulowa. M'bandakucha ionosphere imakhala yopyapyala ndipo imayamba kukhuthala kuchokera kummawa, pamene madzulo Dzuwa likamalowa imakhala yokhuthala ndipo mbali yokhuthala kwambiri imakhala kumadzulo kumene kukadali Dzuwa. Choncho kupendekeka kwake kuchokera kummawa kupita kumadzulo kumatembenuka pa miyezi 6 iliyonse, ndendende mmene parallax imatembenukira. Fit yanu ilibe njira yosiyanitsira ziwirizi.

Kukula kwake n'kosavuta kuwerengera. Kuchedwa kwa mafunde mu ionosphere kumachepa molingana ndi frequency kuichulukitsa ndi yomweyo. Pa 6.7 GHz, TECU imodzi (muyeso wa kuchuluka kwa ma electron mu ionosphere) ndi pafupifupi masentimita 0.9 a njira, pamene pa 22 GHz ndi ochepera milimita imodzi. Utali wa funde lanu ndi masentimita 4.5, ndiye kuphonya ndi ma TECU 5 okha ndi funde lathunthu. Mapu amene TECOR, pulogalamu yokonza za ionosphere, imawerenga amachokera ku GPS, mabokosi ake ndi a madigiri 5 mu longitude ndi 2.5 mu latitude, ndipo ambiri amaperekedwa pa maola awiri alionse, kotero kutsala ndi ma TECU angapo osakonzedwa n'chinthu chachizolowezi. Onjezerani kuti gwero la madigiri 20 kummwera limakhala chammunsi kwa ma telesikopu ambiri a VLBA, ndiye mafunde amadutsa mu ionosphere chopingasa, njira n'kutalika kawiri kapena kuposerapo. Onjezeraninso kuti timadontho ta methanol nthawi zambiri timasungunuka pa ma baseline (mitunda ya pakati pa ma telesikopu awiri) aatali kwambiri, monga opita ku Mauna Kea ndi St. Croix, ndiye utali umene mukuyezera nawo ndi wochepa kuposa makilomita 8,600 amene timawatchula pokamba za VLBA. Zonsezi zikaphatikizana, 0.15 mas pa madigiri 2.5 a pakati pa A ndi B si zodabwitsa. Reid ndi anzake analemba za vuto lomweli mu 2017 atakumana nalo mu kafukufuku wa BeSSeL woyeza mitunda ya ma maser mu Mlalang'amba, ndipo n'chifukwa chake pa 6.7 GHz anthu amafuna ma quasar angapo ozungulira maser.

Chimene chikundipangitsa kukhulupirira kuti ndi zimenezi n'chakuti A ili kummawa ndipo B ili kumadzulo. Kupendekeka kumodzi kumawonjezera parallax mbali imodzi n'kuichepetsa mbali inayo, ndiye yankho loona liyenera kukhala pakati, osati pa A kapena pa B. Pali njira yoyesera imene sifuna kukhulupirira ine. Chotsani maser m'nkhaniyi: pa tsiku lililonse tengani malo a A muchotsepo malo a B. Ma quasar ali kutali kwambiri moti alibe parallax, ndiye kusiyana kwawo kuyenera kukhala mzere wogona. Mukaona funde losintha mbali pakati pa Marichi ndi Seputembala, mwagwira wakuba.

Ndifunsenso chinthu china chaching'ono. Pa ma geodetic block (nthawi zopima ma quasar ambiri a mbali zonse za thambo) amene mumachotsera chinyezi cha mumlengalenga ndi pulogalamu ya DELZN, kodi munachotsa kaye gawo la ionosphere? Ionosphere imachedwetsa group delay (nthawi imene gulu la mafunde limatenga kufika) koma imafulumizitsa phase, pamene troposphere, gawo la pansi la mlengalenga, imachedwetsa zonse ziwiri. Mukatenga group delay yosakonzedwa n'kuiyesa ya chinyezi, mumathira mankhwala mbali yolakwika ndipo vuto la phase limawirikiza.

Wophunzira wa chaka chachiwiri

Za ma geodetic block zili bwino, akulu. Anapimidwa pa ma frequency awiri otalikirana m'kati mwa C-band, ndipo gawo la ionosphere linapatulidwa DELZN isanayende. Ndatsimikiza m'ma log a masiku onse.

Mayeso a A kuchotsa B ndawachita usiku wathawu. Mu declination mfundo zangomwazikana popanda dongosolo. Mu RA, masiku atatu a Marichi ali mbali imodzi ya mzere ndipo atatu a Seputembala ali mbali inayo, ndipo ndikayerekeza ndi funde la parallax ndikupeza kukula kwa 0.15 mas, nambala yomwe ija. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana chithunzi chimenecho, chifukwa chikuonetsa ma quasar awiri akuchita parallax imene sangakhale nayo. Ndavomera kuti A sindiitaya. Ndiye nditenge pakati pa 0.36 ndi 0.21?

Wa za ionosphere

Osati pakati penipeni, chifukwa A ili pafupi kuposa B ndipo iyenera kulemera koposa. Jambulani parallax iliyonse molingana ndi malo a quasar yake, A pa 1.1 kummawa ndi B pa 1.4 kumadzulo, lumikizani ndi mzere wowongoka, ndipo werengani pamene mzerewo ukudutsa pa ziro, pomwe pali maser. Mukapeza 0.21 kuwonjezerapo magawo 1.4 mwa 2.5 a 0.15, zimene ndi pafupifupi 0.29 mas, kapena 3.4 kpc. Chabwino koposa ndi kuchita zimenezi pa tsiku lililonse palokha, kuti mupange quasar yongoyerekeza yokhala pamalo pa maser, kenako n'kuchita fit imodzi. Mukatero zotsalira zidzakuuzani ngati mzere wowongoka ukukwanira.

Koma pali chofooka chimene muyenera kuchidziwa musanasangalale. Mfundo ziwiri nthawi zonse zimapereka mzere, ndiye palibe chokutsutsani. Komanso njirayi ikuganiza kuti maser ili pa mzere wolumikiza A ndi B. Ngati yapatuka cha kumpoto kapena kummwera, kupendekeka kwa mbali imeneyo sikunakonzedwe. N'chifukwa chake njira ya MultiView ya Rioja ndi Dodson imafuna ma quasar atatu kapena kuposerapo ozungulira gwero. Quasar C imene munaitaya ija ndi mboni yokhayo imene mwatsala nayo.

Wa mapulogalamu

Pa C ndingathandizeko. Nthawi zambiri quasar yofooka imasowa pachithunzi chifukwa cha mmene phase ya maser yatengedwera ku ma IF ena, zigawo zina za frequency zimene deta inagawidwamo. Maser ili mu IF imodzi yopapatiza, ndiye ngati kusiyana kwa phase ndi delay pakati pa ma IF sikunakonzedwe bwino pa calibrator yowala, mukaphatikiza ma IF onse quasar imafafanizika m'malo mokula. A ndi B zimapulumuka chifukwa n'zowala. Bwerezani gawo limenelo mosamala, chotsani ma scan amene telesikopu inali pansi pa madigiri 20 kapena 25, ndipo musafufuze C pachithunzi chachikulu chifukwa mudzatola phokoso n'kulitcha gwero. Yang'anani kabokosi kakang'ono pamalo amene mukuyembekezera.

Muonenso malo enieni a maser amene anaperekedwa ku correlator, makina ophatikiza mafunde a ma telesikopu onse. Pokonza phase pa maser, kulakwika kwa malo ake kumalowa mu malo a quasar iliyonse mochepetsedwa ndi mtunda wa pakati pawo, ndipo kukakula kumapotoza chithunzi. Ngati malowo anachokera ku mapu akale osalondola kwenikweni, akonzeni ndi pulogalamu ya CLCOR musanayende FRING.

Wopima ndi mbale imodzi

Ine ndili ndi nkhawa ina imene sinakambidwe. Mwabwerera ku tchanelo yoyamba pa tsiku lachitatu, koma kadontho kachiwiri kaja sikanachoke. Kali m'kati mwa beam yomweyo ndipo mapiko a mzere wake amafika mu tchanelo yanu. Tsiku limene kawala, kamakokera malo a tchanelo yanu kwa iko, ngakhale mutasankha tchanelo yolondola. Ndingakonde mutayeza parallax pa kadontho kena kokhala pakokha, ngakhale kakhale kofooka, n'kuona ngati zotsalira za tsiku lachitatu zikufanana. Phase ipitirire kukonzedwa pa tchanelo yowala, koma malo muwerengere pa kadontho kopanda mnzake pafupi.

Wophunzira wa chaka chachiwiri

Papita masiku asanu, pepani pochedwa kuyankha. Ndikupereka zonse pamodzi.

Malo a maser anali olakwika ndi pang'ono pokha, ndawakonza, ndipo sizinasinthe kanthu koonekera. Nditabwereza kukonza ma IF, C yaoneka pa masiku 4 mwa 6, awiri a Marichi ndi awiri a Seputembala. Ili pa digiri 0.8 kumpoto ndipo mu RA ili pafupi kwambiri ndi maser. Ndi masiku 4 okha sindingaipatse fit yathunthu yodalirika, koma ndikaumiriza proper motion kukhala ya A ndi B, parallax yake ikutuluka 0.28 mas ndi chikayiko cha 0.05. Quasar yongoyerekeza ya tsiku ndi tsiku ikupereka 0.29 mas. Ndapezanso timadontho titatu tokhala patokha timene tilipo pa masiku onse, ndipo tonse tikupereka pakati pa 0.28 ndi 0.30. Nkhawa ya akulu a mbale imodzi inali yoona: pa tchanelo yowala tsiku lachitatu linali likadali ndi kachotsalira kakang'ono kolozera ku kadontho kachiwiri, ndipo pa timadontho tatokha kachotsalirako kulibe.

Pulogalamu ya fit, ndikaphatikiza timadontho titatuto, ikunena kuti chikayiko ndi 0.015 mas. Ndilembe chimenecho?

Mphunzitsi wa fizikisi

Ayi, chimenecho n'chaching'ono kuposa zimene deta yanu ingalonjeze. Timadontho titatu tija tonse tinaonedwa kudzera mu ionosphere imodzi, pa masiku amodzi, poyerekeza ndi ma quasar amodzi. Kugwirizana kwake kukutsimikizira kuti vuto la kusakanikirana kwa timadontho latha, koma sikukunena chilichonse za mlengalenga, chifukwa tikalakwa timalakwira pamodzi. Pulogalamu ikutiwerenga ngati mboni zitatu zosadziwana pamene ndi ana a nyumba imodzi. Chizolowezi cha a BeSSeL ndi kuwonjezera chikayiko chapansi pa tsiku lililonse, cha RA pachokha ndi cha declination pachokha, mpaka chi-square yochepetsedwa (muyeso wa mmene fit ikugwirizanirana ndi deta) ifike pa 1, kenako kuchulukitsa chikayiko cha parallax ndi square root ya chiwerengero cha timadontho. Kwa inu zimenezo zikufikitsani pafupifupi pa 0.026. Pamwamba pa apo ine ndingawonjezere china chifukwa cha mzere wa mfundo ziwiri uja, ndipo ndingalembe 0.04.

Wa za ionosphere

Apa ndisiyana nanu pang'ono, aphunzitsi, mwaulemu wonse. Chikayiko cha 0.04 chikuoneka ngati chasankhidwa ndi mtima, ndipo wowunika pepala adzafunsa kumene chachokera. Ine ndingakonde kuti achemwaliwa achiwerengere. Ayeze kuti maser yapatuka madigiri angati kuchokera pa mzere wa A ndi B, atenge kupendekeka kumene apeza mu RA, komwe ndi 0.06 mas pa digiri iliyonse, aganize kuti mbali ya kumpoto ingakhale ndi kofanana, ndipo achulukitse. Chotulukacho achiphatikize ndi 0.026 ija. Zikhoza kufika pa 0.03 kapena pa 0.04, koma zidzakhala ndi njira yoti wina n'kuitsatira. Umboni wa C ukuonetsa kuti kupendekeka kwa kumpoto si kwakukulu, ngakhale kuti 0.05 yake ndi yotakata kwambiri kuti tiidalire payokha.

Mphunzitsi wa fizikisi

Ndavomera, awerengere. Chokhacho chimene ndikulimbikira n'chakuti m'pepalamo muoneke ma parallax a A ndi B payokhapayokha, 0.36 ndi 0.21, pamodzi ndi chithunzi cha A kuchotsa B, kuti wowerenga aone kukula kwa chimene chakonzedwa. Ndipo posandutsa parallax kukhala mtunda musalembe chikayiko chofanana mbali zonse. Ngati ndi 0.29 ndi chikayiko cha 0.04, mtunda uli pakati pa 3.0 ndi 4.0 kpc, ndiye kuchokera pa 3.4 mbali yakutali ndi yotakata kuposa yapafupi. Kusiyana kwa mtunda umenewu ndi 4.5 kpc ya liwiro kuyenera kukhala ndime yakeyake, chifukwa mukaphatikiza mtunda, proper motion ndi liwiro la LSR (loyezedwa poyerekeza ndi kayendedwe ka nyenyezi zoyandikana ndi Dzuwa) mudzapeza kayendedwe kapadera ka deralo, ndipo pa longitude yanu zimenezo n'zimene anthu a mtanda wa pakati akuzifuna. Samalani pokha kuti liwiro la deralo mulitenge ku mizere ya mpweya wowundana monga ammonia, osati ku nsonga ya maser, imene ingapatuke ndi makilomita angapo pa sekondi.

Wophunzira wa chaka chachiwiri

Maser yapatuka ndi digiri 0.3 kummwera kwa mzere wa A ndi B, ndiye gawo lowonjezeralo ndi pafupifupi 0.02 mas, ndipo ndikaliphatikiza ndi 0.026 ndikupeza 0.033. Ndilemba 0.29 ndi chikayiko cha 0.03, ndipo ndifotokoza magawo onse awiri. Mzere wosankha tchanelo yowala ndauchotsa mu script, ndaikamo liwiro lolembedwa ndi dzanja, ndipo ndadziwitsa anzanga awiri amene anatengera script yomweyo kuti aonenso ma log awo. Mmodzi wa iwo akuyeza ma maser a madzi, kumene nsonga zimasinthana kawirikawiri kuposa kuno.

Ndatsala ndi funso la pempho la nthawi ina ya telesikopu. Ndapeza quasar yachinayi kummwera, pa madigiri 2.6, yowala bwino. Kodi ndiiikemo ngakhale ili patali chotero?

Wa za ionosphere

Iikenimo. Pa quasar imodzi yokha madigiri 2.6 angakhale ochuluka, koma pa njira yoyeza kupendekeka chofunika n'chakuti maser izunguliridwe, ndipo kummwera mulibe kanthu pakali pano. Ndi A, B, C ndi yatsopanoyo mudzakhala ndi mfundo zinayi pa zosadziwika zitatu, ndiye koyamba mudzakhala ndi chotsalira chokuuzani ngati kupendekekako n'kowongoka. Muwerengere nthawi imene mbale zimatenga kutembenuka pakati pa magwero asanu, kuti kubwerera pa maser kusatalike kupitirira mphindi zochepa, ndipo C muipatse ma scan otalikirapo kuposa anzake chifukwa ndi imene inasowa masiku awiri aja.